Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zantchito ndi eni mafakitale pa nkhani yoyeza thanzi la ana, amayi oyembekezera ndi ogwira ntchito

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Nduna ya Zantchito, ndi inu mabwana amene muli ndi mafakitale m'dziko muno,

Landirani moni wanga waulemu. Ine ndine mayi amene ndakhala ndikuthandiza mongodzipereka pa sikelo ya ana ya m'dera lathu kwa zaka zambiri ndithu, ndipo ntchito yanga imakhala yoitana mayina, kuveka ana kakabudula kopachikira pa sikelo ndi kuthandiza alangizi a zaumoyo kulemba m'mabuku a kuchipatala. Ndalembera inu nonse kalata imodzi mwadala, chifukwa nkhani yoyeza ngati anthu akudya mokwanira maofesi anu amaigawa patatu, ya ana payokha, ya amayi oyembekezera payokha, ya ogwira ntchito payokhanso, pamene kwathu kuno anthu atatuwa amagona m'nyumba imodzi ndipo amadya nsima yochokera mu mphika umodzi.

Ndinazindikira zimenezi chifukwa cha mng'ono wanga, amene amagwira ntchito yolongedza katundu pa fakitale ina m'tauni. Pamene anali ndi pathupi pachiwiri, mwana wake woyamba anali ndi zaka ziwiri, ndipo amene ankapita naye ku sikelo anali kamtsikana ka zaka 12 ka m'nyumbamo, kamene sikakanatha kufunsa funso lililonse kapena kukumbukira zimene alangizi anena. Iye mwini anayamba sikelo ya amayi mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, popeza kupempha tsiku lopita kuchipatala kunali kutaya malipiro a tsikulo. Tsiku lina masana anachita chizungulire nagwa pafupi ndi makina, ndipo atamutengera kuchipatala n'kumuyeza magazi, anapezeka kuti ndi ochepa kwambiri. Pa miyezi yonseyo panalibe amene anamuyezapo magazi kapena kumufunsa chimene amadya masana, ngakhale ankadutsa pa geti la fakitale masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo alonda ankamusecha m'chikwama tsiku lililonse osaphonya.

Ndiyambe ndi ana, poti ndiko ndimadziwa bwino. Tsiku la sikelo kwathu, sikelo imapachikidwa ndi chingwe pa nthambi ya mtengo wa mango, amayi amakhala pa mzere ndi ana kumbuyo, ndipo mlangizi amakhala mmodzi, tikachita mwayi awiri. Mwana akapachikidwa amalira n'kumaponya miyendo, muvi wa sikelo umavinavina, wina amatchula nambala imene waiona pakati pa kuvinako, kadontho kamaikidwa pa tchati cha m'buku, kenako timaitana wotsatira. Mayi amamanga mwana wake kumbuyo n'kumapita osauzidwa ngati mzere wa timadontho ukukwera, waima kapena wayamba kutsika, chonsecho phindu lonse la sikelo lili pa mzere umenewo. Mwana amene kulemera kwake kwaima miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana akutiuza kuti china chake chavuta, kaya ndi chakudya, kutsekula m'mimba, malungo kapena matenda ena, ndipo nthawi yoyenera kukhala pansi ndi mayi wake ndi imeneyo, asanayambe kuoneka nthiti. Sindikudzudzula alangizi, pakuti munthu mmodzi sangayeze, kulemba, kubaya katemera ndi kulangiza khwimbi la amayi dzuwa lisanafike pamutu. Ndikudzudzula kachitidwe kamene kamawerengera ana amene ayezedwa, osafunsa kuti mwa anawo ndi angati amene amayi awo anamva tanthauzo lake.

Chinthu chachikulu chimene chimandisowetsa mtendere ndi chakuti timayeza kulemera mwezi ndi mwezi koma msinkhu timauyeza mwa apo ndi apo, pamene vuto lalikulu la ana a m'dziko muno lili pa msinkhu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu, 37 anali opinimbira, pamene owonda kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wawo anali 3 okha. Kupinimbira kumadziwika poyerekeza msinkhu wa mwana ndi zaka zake, ndipo sikelo yopachika pa mtengo singakuonetse bwino, ngakhalenso kalamba koyezera mkono sikangakuone. Mwana wopinimbira akhoza kukhala wa masaya odzaza, wosewera bwinobwino, ndipo akuluakulu amangoti ndi wamfupi chifukwa watengera agogo ake. Ena amatengeradi, koma sizingatheke kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse m'dziko lonse akhale wotengera agogo aafupi.

Thabwa loyezera msinkhu limafuna anthu awiri, wina wogwira mutu ndi wina wowongola mawondo, ndipo mwana wosafika zaka ziwiri amayezedwa atagona pamene wamkulupo amayezedwa ataimirira. Thabwalo ndi lolemera, silikwera bwino pa njinga, choncho kawirikawiri limatsala ku chipatala pamene mlangizi akupita kumidzi. Pempho langa kwa a Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti malo aliwonse ochitira sikelo akhale ndi thabwa lawolawo losungidwa kwa a mfumu kapena pa sukulu ya mkombaphala, ndipo ife odzipereka tiphunzitsidwe kuligwiritsa ntchito molondola, kuti mwana aliyense aziyezedwa msinkhu kangapo pa chaka, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri. Inu nomwe mwakhala mukutiphunzitsa za masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, kuti imeneyo ndiyo nthawi imene kupinimbira kumachitika ndipo ikadutsa kukonza kumavuta. Tsono ngati ndi choncho, n'kosayenera kuti tizidikira kafukufuku wa dziko lonse wa pakapita zaka zingapo kuti atiuze zimene thabwa likanatiuza pa mwana aliyense nthawi ikadalipo.

Apa nditchulenso kuti amayi ambiri amaleka kubwera ku sikelo mwana akangolandira katemera wa chikuku, wina wa miyezi 9 ndi wina wa miyezi 15, chifukwa m'maganizo mwawo sikelo ndi ya katemera basi. Komatu imeneyo ndiyo nthawi imene mwana akusiya bere n'kudalira phala lamadzimadzi la ufa woyera wothira mchere wokha, ndipo ndi pomwe ambiri amayambira kutsalira.

Pali chida chimodzi chimene ndikufuna kuchiyamikira, ndicho kalamba ka mitundu itatu kamene achipatala amati MUAC, koyezera pakati pa phewa ndi chigongono cha mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu. Mkono ukapanda kufika masentimita 11.5 kamaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mwana wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Pakati pa 11.5 ndi 12.5 kamaonetsa chikasu, ndipo kuposa pamenepo n'kobiriwira. Mayi amene sanapite kusukulu amatha kukawerenga, ndipo kumene amayi apatsidwa timalambati kuti aziyeza okha kunyumba, mwana amafika kuchipatala zinthu zisanafike poipa. Kalamba kameneka ndi kotsika mtengo kwambiri moti ndingakonde kuti kaziperekedwa kwa mayi aliyense pamodzi ndi buku la mwana. Pophunzitsa za kalambako tiziphunzitsanso za kutupikana, chifukwa mwana wotupa amanyenga sikelo: madzi amene adzaza m'thupi amamulemeretsa, ndipo a pakhomo amasangalala kuti wanenepa. Ena akaona mapazi atupa ndi tsitsi lasanduka lofiirira amati ndi tsempho, n'kuyamba kufunsana kuti ndani sanasunge mwambo m'banjamo, masiku akupita. Njira yodziwira ndi yophweka: kudina ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala tizenje mbali zonse ziwiri, mwanayo ndi wodwala kwambiri ngakhale kalamba kataonetsa kobiriwira.

Dziko lino lili ndi mbiri yabwino pa chisamaliro cha ana onyentchera. Njira yothandizira ana otere ali kwawo, pogwiritsa ntchito chiponde cha kuchipatala, inayesedwa ku Dowa mu 2002 mayiko ambiri asanaiyambe, ndipo lero chipondecho chimapangidwa konkuno ndi mtedza. Koma ndakhalapo ndi mayi amene tinamuuza kuti mwana wake ali pofiira, anayenda mtunda wautali ndi kalata yathu m'manja, n'kukauzidwa kuti chiponde chatha abwere sabata yamawa. Mayi woteroyo sabweranso ku sikelo, ndipo amauza anzake ku mjigo kuti kuyezetsa n'kutaya nthawi. Ngati kuyeza kwapeza vuto, chithandizo chizikhala chilipo kale, apo ayi tikungophunzitsa anthu kutikayikira.

Kuti kuyeza kotsatiridwa ndi ntchito kumathandiza, umboni tili nawo. Kafukufuku wa 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse anali operewera vitamini A. Boma linalimbikitsa kupereka timadontho ta vitaminiyu kwa ana, shuga ndi mafuta ophikira zinayamba kuthiridwa vitamini A, ndipo pofika 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa ana osakwana 4 mwa 100. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapezanso kuti anthu pafupifupi 60 mwa 100, ana ndi akulu omwe, ndi operewera mchere wa m'thupi wotchedwa zinc, umene umathandiza kukula ndi kulimbana ndi matenda, ndipo nkhani imeneyi ikudikirabe khama lofanana ndi limene tinaika pa vitamini A.

Kunena za amayi oyembekezera, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 uja anapeza kuti 45 mwa amayi oyembekezera 100 alionse anali ndi magazi ochepa, ndipo amene anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba anali 24 okha mwa 100. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse lapansi la World Health Organization limalangiza kuti mayi aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, ulendo woyamba ukhale mimba isanapitirire masabata 12. Zifukwa zochedwera tikuzidziwa: mwambo wobisa mimba ikadali yaing'ono poopa maso a anthu, kutalika kwa mtunda, ntchito, komanso lamulo la m'madera ena lakuti mayi abwere ndi mwamuna wake pa ulendo woyamba. Cholinga cha lamuloli n'chabwino, koma mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, kapena mtsikana amene womupatsa mimba anakana, amangokhala kunyumba poopa kubwezedwa kapena kutumidwa kukatenga kalata kwa a mfumu. Atsikana otere ndiwo ofunika kuyezedwa msanga kuposa wina aliyense, popeza thupi lawo likukulabe ndipo likulimbirana chakudya ndi mwana ali m'mimba, ndipo kafukufuku yemweyo anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pathupi. Ndikupempha kuti unduna unene momveka bwino kuti mayi asabwezedwe pa sikelo chifukwa wabwera yekha.

Akafika mayiyo, kuyeza kwake kukhale kokwanira. Kukoka chikope n'kuyang'ana ngati mkati mwayera kumangogwira amene magazi awo atsika kale kwambiri. Amene akutsika pang'onopang'ono amadziwika ndi kamakina kobaya pa chala, kamene kamapereka yankho mu mphindi zochepa. Muyeso wa magazi ukatsika pansi pa 11 mwa mayi woyembekezera ndiye kuti ndi ochepa, ukatsika pansi pa 7 moyo wake uli pa ngozi, makamaka akataya magazi pobereka. Kamakinako kamakhalapo m'zipatala zambiri, koma kopanda tizida take tobayira ndi totengera magazi kamangokhala m'kabati. Mkono wa mayi uziyezedwanso ndi lamba wa akuluakulu, chifukwa kulemera kokha kumasokoneza mimba ikamakula, ndipo mayi wa mkono woonda kwambiri ndiye amene kawirikawiri amabereka mwana wosafika makilogalamu 2.5, amene amayamba moyo ali kale m'mbuyo. Mapiritsi owonjezera magazi aziperekedwa ndi mawu ofotokozera. Amayi ambiri amawasiya chifukwa amachititsa nseru ndi kudetsa chimbudzi, osadziwa kuti zimenezo n'zosaopsa ndipo kumwa usiku mutadya kumachepetsa nseruyo, komanso kuti tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino mchere wa ayironi. Amafunikanso kumva kuti Fansidar ndi neti zimateteza magazi omwewo, popeza malungo amaphwanya magazi.

Tsopano ndifike kwa inu a Unduna wa Zantchito ndi eni mafakitale, kaya ndi a ku Kanengo, Makata, Chirimba, Luwinga, kapena a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ndi a shuga ku Nchalo ndi Dwangwa. Mwana ali ndi sikelo yake, mayi woyembekezera ali ndi yake, koma munthu wamkulu wogwira ntchito amakwera sikelo pokhapokha atadwala. Tili ndi lamulo la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa malo a ntchito, ndipo oyendera mafakitale akabwera amayang'ana fumbi, phokoso, zimbudzi, majombo ndi zovala m'manja, zimene ndi zofunika zonse. Koma munthu woyendetsa makina amene wachoka kunyumba ku Ndirande kapena ku Mgona mbandakucha osalawa kanthu, nayenda wapansi posunga ya minibasi, masana n'kudya chinangwa chachiwisi kapena chitumbuwa chimodzi ndi madzi, ali pa ngozi yofanana ndi ya munthu wopanda majombo. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, chinthu choyamba chimene mabanja a ogwira ntchito amene ndikuwadziwa anachotsa pa bajeti ndi chakudya chamasana cha bambo kapena mayi, kuti ana apeze chamadzulo.

Vutoli lili mbali ziwiri, ndipo mbali yachiwiri ndi imene ambiri sitiiona ngati vuto. Wogwira ntchito amene ali ndi kangachepe amathamangira pa chiwaya kukagula tchipisi ndi chakumwa chotsekemera tsiku ndi tsiku, thupi limakula, anzake n'kumati zikumuyendera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo osadziwa, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga. Kuyeza munthu wamkulu sikufuna zida zodula: sikelo yopondapo, choyezera msinkhu, makina a BP ndi kamakina ka magazi kaja. Kulemera kwa munthu m'makilogalamu kumagawidwa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, ndipo yankho lake ndilo limatchedwa BMI. Mwachitsanzo, mayi wa msinkhu wa mamita 1.6 wolemera makilogalamu 45 amapeza 17.6, kumene kuli kupelewera chifukwa malire ake ndi 18.5, pamene mayi wa msinkhu womwewo wolemera makilogalamu 70 amapeza 27.3, kumene kwapitirira malire a 25. Munthu amene wapezeka kuti akuwonda mosadziwika bwino ayenera kuyezedwanso chifuwa chachikulu, matenda amene m'chipinda chodzaza anthu amafala msanga.

Chimene ndikupempha ndi chakuti kuyeza kotere kuzichitikira pa fakitale pomwepo kawiri pa chaka, kamodzi m'miyezi ya njala ya January kapena February ndi kamodzi anthu atakolola, nthawi ya ntchito, popanda kudula malipiro, ndipo aganyu ndi olembedwa ntchito ya nyengo asasiyidwe, pakuti ndiwo amadya movutika kuposa onse. Ndikupemphanso, ndipo apa ndikutsindika, kuti zotsatira zizilembedwa m'buku la kuchipatala la mwini wake, osati m'mafayilo a kampani. Ogwira ntchito akangoganiza kuti wopezeka wofooka kapena woyembekezera sadzaitanidwanso nyengo yamawa, tsiku loyezalo onse adzadwala mutu n'kukhala kunyumba, ndipo adzakhala akulondola. A mabungwe a ogwira ntchito pansi pa mgwirizano wawo wa MCTU ndi a bungwe la olemba ntchito la ECAM akhale pamodzi ndi unduna pokonza ndondomekoyi, kuti chinsinsi cha munthu chitetezedwe kuyambira pachiyambi. Kumene kuli khitchini ya ogwira ntchito, zotsatira za gulu lonse, zopanda mayina, zizithandiza kusintha zophikidwa, nyemba, usipa ndi masamba zilowe m'malo mwa kabichi wa tsiku ndi tsiku, ndipo ufa ukhale wothiridwa michere yofunika m'thupi monga mmene malamulo a dziko amanenera kwa opanga ufa wogulitsa.

Mabwana mungafunse kuti ndalama zake zichokera kuti. Kafukufuku woona za mtengo wa njala mu Africa anawerengera kuti mu 2012 mokha dziko la Malawi linataya ndalama pafupifupi K147 biliyoni, zofanana ndi 10.3 pa 100 ya chuma chonse cha dziko, chifukwa cha kunyentchera kwa ana, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linatayika kudzera m'ntchito imene sinagwirike. Mu 2004 ana oposa theka osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo ana amenewo ndiwo anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20 amene akuima pa mageti anu lero kufuna ntchito. Ana amene ali pa sikelo yathu ya pansi pa mango ndiwo mudzawalembe zaka 20 zikubwerazi, ndipo ambiri mwa iwo amayi awo ali kale m'mafakitale mwanu.

N'chifukwa chake ndikupempha maunduna awiriwa kuti agwirizane zoti chipatala chapafupi chizibweretsa sikelo ya ana ndi ya amayi pa malo a mafakitale tsiku limodzi pa mwezi, kapena kuti tsiku la sikelo liziwerengedwa ngati tsiku la ntchito kwa mayi woyembekezera ndi kwa kholo la mwana wosafika zaka ziwiri. Lamulo la ntchito limapereka masabata asanu ndi atatu a tchuthi cha uchembere, pamene a zaumoyo amatiuza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi. Mng'ono wanga uja anabereka bwino atathandizidwa, koma anabwerera ku ntchito mwana ali ndi miyezi iwiri, ndipo popeza pa fakitalepo palibe malo oyamwitsira kapena ofinyira mkaka, ndipo kunyumba n'kutali koti sangapite n'kubwerera pa nthawi yopuma, khandalo linayamba kupatsidwa phala lisanakwane miyezi itatu. Mwezi wathawu ndinalipachika ndekha pa sikelo, ndipo kadontho kake kanagwera pa mzere womwewo wa mwezi wapitawo. Ndinalemba uthenga m'buku kuti mayi wake abwere tidzakambirane, koma sikelo yathu imachitika Lachiwiri m'mawa, nthawi imene iye amakhala ali pa makina.

Ndine wanu mwaulemu,

Mayi wothandiza pa sikelo ya ana